Mapiri, Madzi ndi Zigwa: Malo Oyenera Kuwaona M'boma la Ntcheu

Mawu Oyamba

Munthu akafunsidwa kuti atchule malo okongola m'dziko muno, kawirikawiri amatchula nyanja ya Malawi, phiri la Mulanje, phiri la Zomba, Nyika kapena nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde. N'kovuta kumva wina akutchula Ntcheu. Komatu anthu miyandamiyanda amadutsa m'bomali tsiku ndi tsiku, popeza msewu wa M1, womwe umalumikiza Lilongwe ndi Blantyre, udadzera momwemo. Ambiri mwa anthuwa amaidziwa Ntcheu ngati malo poima basi kuti agule mbatatesi, kabichi ndi tomato, kenaka n'kupitiriza ulendo.

Cholinga cha chimangirizo chino ndi kufotokoza ena mwa malo achilengedwe a m'boma la Ntcheu amene munthu angapindule atawayendera. Mfundo yaikulu ndi yakuti kukongola kwa bomali kudatsamira pa chinthu chimodzi: mtandadza wa mapiri omwe amagawa madzi a mvula. Amene wawamvetsa mapiriwa sadabwanso kuti ku Tsangano kumazizira pamene ku Sharpevale kukuotcha, kuti malire a dziko adadzera pomwe adadzerapo, ndiponso kuti mipopi ya ku Balaka idauma m'chaka cha 2018.

Momwe Bomali Lidakhalira

Ntcheu ndi boma lomalizira kummwera kwa chigawo chapakati. Lidachita malire ndi Dedza kumpoto, Mangochi ndi Balaka chakummawa, Neno kummwera ndi dziko la Mozambique kumadzulo. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 3,424, ndipo kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti m'bomali mudali anthu 659,608.

Njira yapafupi yomvetsera maonekedwe a bomali ndi kuliyerekeza ndi makwerero a masitepe atatu. Sitepe yapamwamba ndi mapiri a kumadzulo, m'malire ndi Mozambique. Yapakati ndi zitunda ndi matsitso, momwe muli tauni ya Ntcheu ndi midzi yambiri. Yapansi ndi chigwa cha Bwanje, chomwe chidayalana chakummawa. Makwererowa sadangochitika mwangozi. Akatswiri a za nthaka ndi miyala amafotokoza kuti zaka mamiliyoni ambiri zapitazo nthaka ya kummawa kwa Africa idang'aluka, ndipo mbali ina idatitimira n'kusanduka chigwa chachitali. Nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire zili m'chigwa chomwecho. Boma la Ntcheu lili pakhoma la kumadzulo kwa chigwachi, ndipo n'chifukwa chake munthu amatha kuchoka kozizira n'kufika kotentha asadatuluke m'boma limodzi. Kawirikawiri munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.

Pamapu, mapiri a kumadzulowa amalembedwa kuti Kirk Range. Dzinali ndi la John Kirk, dokotala komanso katswiri wa zomera wa ku Scotland, yemwe adali m'gulu la David Livingstone paulendo wa mumtsinje wa Zambezi womwe udayamba m'chaka cha 1858. Koma eni dera satchula dzina limenelo pocheza. Iwo amadziwa phiri lililonse ndi dzina lakelake: Dzonzi, Mvai, Chirobwe, ndi phiri la Ntcheu lomwe lidayang'anira tauniyo. Wophunzira chiyankhulo ayenera kuona kusiyana kumeneku. Mlendo adapereka dzina limodzi ku mapiri onse chifukwa adawaonera patali, pamene eni ake adatcha lililonse padera chifukwa amatungako madzi, amatolako nkhuni ndiponso adaikako makolo awo.

Msewu Woyenda M'malire

Malo oyamba oyenera kuwaona safuna ndalama yolowera, chifukwa ndi msewu womwewo wa M1. Kuchokera cha ku Dedza kudzera pa Lizulu mpaka cha ku Biriwiri, msewuwu umayenda pamsana pa mapiri, ndipo m'malo ambiri ndiwo ukusonyeza malire. Munthu wochokera ku Lilongwe amakhala ndi Malawi kudzanja lamanzere, Mozambique kudzanja lamanja.

Chifukwa chake n'chakuti pamene Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire m'chaka cha 1891, m'dera lino adatsata mzere wogawa madzi. Mvula yogwa kumadzulo kwa mzerewu imatsikira m'mitsinje ya m'dera la Angonia, n'kukathira mu Zambezi. Yogwa kummawa imatsikira ku nyanja ya Malawi kudzera m'mitsinje ya Livulezi ndi Bwanje, kapena ku Shire kudzera m'mitsinje ya Rivirivi ndi Lisungwi. Choncho madontho awiri ogwa mumtambo umodzi angathe kusiyana njira pamsewu pomwepo, n'kukakumananso kutali kwambiri, komwe Shire amathira mu Zambezi.

Woyenda akaima pamalo okwera m'mawa kunja kutayera, amaona kumadzulo dziko lotambasuka la Angonia, lokhala ndi mapiri amiyala oima paokhapaokha. Kumeneko n'komwe kuli phiri la Domwe, lodziwika m'mbiri ya Angoni a kwa Maseko. Akatembenukira kummawa amaona nthaka ikutsika mwadzidzidzi, zigwa zikutsatana mpaka kuzimirira mu nkhungu. Pa Lizulu msika udagwira mbali zonse ziwiri za msewu, ndipo ogulitsa a mbali zonsezo amayankhula Chichewa chimodzimodzi, ambiri mwa iwo ali pachibale. Apa munthu amaona ndi maso kuti malire adagawa madzi ndi maboma, koma sadathe kugawa mtundu wa anthu.

Kumtunda kwa Tsangano

Kummwera chakumadzulo kwa bomali kuli Tsangano. Dzinali lilinso tsidya lina la malire, komwe kuli boma la Tsangano m'chigawo cha Tete. Msewu wopita kumeneko umapatuka pa M1 n'kuyenda pamwamba pa mapiri kulowera ku Neno. Kukongola kwa Tsangano si kwa nkhalango yowirira ayi, koma kwa zitunda zaudzu zotsatizana, minda yokwera m'mapiri ndi madimba obiriwira m'makwawa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri moti m'mawa nkhungu imakuta zigwa, nsonga za zitunda zokha n'kumaoneka ngati zilumba.

Kuzizira komweku ndiko chuma cha derali. Mbatatesi, kabichi ndi tirigu ndi mbewu zokonda malo ozizira, ndipo Tsangano ndi amodzi mwa madera ochepa m'Malawi momwe alimi akhala akulima tirigu. Matumba a mbatatesi omwe apaulendo amagula pamphambano ya Tsangano ndi zipatso za kukwera kwa malowo. Amene wangogula pamsewu waona zokolola zokha, koma amene wakwera kumtunda waona komwe zikuchokera.

Nkhalango za Dzonzi ndi Mvai

Pafupi ndi tauni ya Ntcheu pali nkhalango ziwiri zotetezedwa ndi boma, za Dzonzi ndi Mvai. Mitengo yachilengedwe yochuluka m'nkhalangozi ndi ya mtundu wa miombo, monga mombo ndi tsamba, pamodzi ndi misuku. Chochititsa chidwi n'chakuti dzina lomwe akatswiri a zomera adapatsa msuku, Uapaca kirkiana, likukumbutsanso John Kirk yemwe uja.

Nkhalango ya miombo ili ndi nyengo ziwiri zokongola. Yoyamba ndi ya mu Ogasiti ndi Seputembala. Mvula isadagwe n'komwe, mitengoyi imaphuka masamba atsopano ofiira, ena ofiirira, ena achikasu, ndipo pakapita masabata ochepa onse amasanduka obiriwira. Phiri lonse limaoneka ngati lavala chitenje. Nyengo yachiwiri ndi ya dzinja, pamene pansi pa mitengo pamamera bowa. Mitundu yambiri ya bowa wam'tchire, monga ndelema, imakhala modalirana ndi mizu ya miombo: bowa amathandiza mtengo kupeza madzi ndi michere m'nthaka, mtengo nawo n'kumadyetsa bowa. N'chifukwa chake bowa wotere salimidwa m'munda, ndipo pomwe miombo yatha nayenso amatha. Mbale za bowa zomwe amayi ndi ana amagulitsa m'mbali mwa msewu mu Januwale ndi umboni wakuti penapake mitengo ikadalipo.

M'nkhalango ya Mvai ndimo muli damu la Mpira. Damuli lidamangidwa pakati pa zaka za 1987 ndi 1992 kuti lipereke madzi a m'mipopi ku midzi ya m'boma la Ntcheu ndi maboma oyandikana nalo, makamaka Balaka. Luso lake ndi losavuta kulimvetsa. Popeza damuli lili pamwamba, madzi amayenda okha m'mapaipi kutsikira kuchigwa, monga momwe amachitira mumtsinje. Kwa woyenda, Mpira ndi malo abata: dziwe lalikulu pakati pa mapiri, mphepo yozizira ndi kulira kwa mbalame. Kwa mayi wa ku Balaka yemwe sadafikeko n'komwe, Mpira ndi ndowa yamadzi pakhomo.

Khwekhwerere ndi Chigwa cha Bwanje

Wofuna kumva m'thupi mwake kusiyana kwa sitepe yapamwamba ndi yapansi atsike msewu wa Khwekhwerere. Msewuwu umapatuka pa M1 cha ku Masasa, kumpoto kwa bomali, n'kutsika mokhotakhota mpaka pa Golomoti m'boma la Dedza. Dzina lokhalo likumveka ngati chinthu chokokedwa pansi, ndipo oyendetsa galimoto amadziwa kuti pamafunika mabuleki abwino. Pamakona ena, kunja kukayera, munthu amaona chigwa chonse chili pansi pake, ndipo patali nyanja ya Malawi ikunyezimira. Boma la Ntcheu silidafike kunyanja, koma lili ndi malo abwino oionerapo.

Munthu akamatsika, zomera zimasintha pamaso pake. Miombo imachepa, m'malo mwake mukubwera mitengo yaminga ndi milambe. Juzi yomwe adavala ku Masasa amaivula asadafike pansi. Kuchokera pa Golomoti, msewu wa M5 umalowera kummwera m'chigwa cha Bwanje, n'kubwereranso m'boma la Ntcheu kudzera ku Kasinje, Sharpevale ndi Bilila. M'chigwa chomwechi mudadzera njanje yochokera ku Blantyre, yomwe idafika ku Salima m'chaka cha 1935. Dzina loti Sharpevale likuchokera kwa Alfred Sharpe, yemwe adali bwanamkubwa wa dziko lino m'nthawi ya atsamunda.

Kukongola kwa chigwachi kumaoneka bwino madzulo, pamene dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri omwe munthu watsikawo, milambe itaima bii ngati zimphona. Nthaka ya m'chigwamu ndi yachonde chifukwa mitsinje yakhala ikutsitsa dothi kuchokera kumtunda kwa zaka zosawerengeka. Apanso tikuona kuti wakuchigwa amadya za kuphiri.

Mbiri Yomwe Ili M'malowa

Malo achilengedwe a ku Ntcheu sasiyanitsika ndi mbiri ya anthu ake. Angoni a kwa Maseko, omwe adali oweta ng'ombe, adakhazikika kumtunda kuno m'zaka za m'ma 1800, komwe kudali msipu wabwino ndi mapiri otchinjiriza adani. Mfumu yawo, Gomani Chikuse, idaphedwa ndi asilikali a Angerezi mu Okutobala 1896, ndipo manda ake, omwe ali kufupi ndi msewu wa M1, ndi amodzi mwa malo osungidwa a mbiri ya dziko lino. Chaka ndi chaka Angoniwa amasonkhana kwa Nkolimbo pamwambo wa Umhlangano, pomwe ngoma imavinidwa mapiri atazungulira bwalo. Kwa Nzama nako, m'dera la Inkosi Njobvuyalema, n'komwe ansembe a chipani cha Montfort adatsegula mishoni yawo yoyamba m'chaka cha 1901. Woyendera mapiri a Ntcheu akaphatikizapo malo awa, ulendo wake umakhala wa maso ndi mutu womwe.

Chomwe Chili Pachiswe

Akuluakulu adati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. M'chaka cha 2018 damu la Mpira lidaphwa. Pomwe padali dziwe padatsala matope ong'aluka, ndipo anthu a ku Balaka ndi midzi yambiri ya ku Ntcheu adabwerera ku zitsime ndi kumitsinje. Kuchepa kwa mvula kudathandizira, koma sikudali kokha. Kudula mitengo ndi kulima kumtunda kwa damuli kudachititsa kuti dothi lizikokolokera m'damumo n'kumalikwirira pang'onopang'ono.

Kuti timvetse bwino, tiyenera kudziwa ntchito ya nkhalango paphiri. Masamba amachepetsa mphamvu ya madontho a mvula. Zinyalala zapansi ndi mizu zimachedwetsa madzi kuti alowe m'nthaka, ndipo madzi olowawo ndi amene amatuluka pang'onopang'ono mu akasupe m'chilimwe. Mitengo ikachoka, mvula yomweyo imathamanga pamwamba tsiku limodzi, itanyamula dothi. Zotsatira zake ndi ziwiri: kusefukira kwa madzi m'dzinja ndi kuuma kwa mitsinje m'chilimwe. Dothi lotsika ndi mtsinje wa Rivirivi silithera ku Balaka. Limalowa mu Shire, mtsinje womwe uli ndi malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Motero nkhwangwa yolira ku Mvai imamveka ngakhale m'nyumba za ku Blantyre.

Sikoyenera kungoloza chala anthu a m'midzi yozungulira nkhalangozi. Chiwerengero cha anthu chakwera, minda yachepa, ndipo makala omwe amaotchedwa kumapiri amakaphikira m'matauni, kuphatikizapo m'nyumba za ife ophunzira ndi aphunzitsi athu. Panthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, yomwe idatha m'chaka cha 1992, Malawi adalandira anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo Ntcheu lidali limodzi mwa maboma omwe adasunga ambiri. Onsewo ankafuna nkhuni ndi mitengo yomangira. Kulandira abale pamavuto kudali koyenera, koma mapiri adalipira nawo mtengo wake.

Mbiri ya bomali ikutiphunzitsanso kuti kusamala nthaka mokakamiza sikupita patali. M'nthawi ya atsamunda mudali malamulo a malimidwe, omwe ankakakamiza anthu kupanga mizere ndi migula, olephera n'kumalipitsidwa kapena kumangidwa. M'chaka cha 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Gomani yachiwiri, Philip, idauza anthu ake kuti asamvere malamulowo. Boma la atsamunda lidaichotsa paufumu, ndipo idamwalira m'chaka cha 1954. Mizere payokha sidali yoipa, koma idadza ndi chikwapu, ndiye anthu adaida pamodzi ndi mwini chikwapuyo. Lamulo la za nkhalango la m'chaka cha 1997 lidatsegula mwayi woti midzi izitenga nawo mbali posamala nkhalango. Njira imeneyi ndi yomwe ili ndi tsogolo, chifukwa munthu amasamala chomwe akuchiona kuti n'chake ndipo akupindula nacho.

Apa m'pamene kuyendera malo kukulowera. Gulu la ophunzira likapita ku Mvai n'kulipira mnyamata wa m'mudzi kuti alitsogolere, likagula masuku, bowa kapena uchi kwa eni dera, limasonyeza kuti mtengo woimirira ungathe kubweretsa ndalama chaka ndi chaka, pamene thumba la makala limabweretsa kamodzi kokha. Ndalama zotere n'zochepa, ndipo sizingathetse umphawi pazokha. Komabe zimasintha momwe anthu amalionera phiri.

Vuto lina lili m'chiyankhulo chathu chomwe. Timati "ntchito zokopa alendo", ndipo tikamva mawu oti alendo timaganiza za azungu onyamula makamera. Mawuwa amatichotsa ife eni dziko pachithunzipo. Chikhalirecho mwana wa ku Bilila yemwe sadakwereko ku Tsangano ndi mlendo woyamba amene mapiriwa akumudikira.

Malangizo kwa Wofuna Kuyendera Malowa

Nyengo yabwino yoona patali ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, mvula itatha, udzu ukadali wobiriwira ndipo utsi wa moto wolusa usadadzaze mlengalenga. Wofuna masamba ofiira a miombo apite mu Ogasiti kapena Seputembala. M'dzinja mapiri amakongola koposa, koma misewu yopanda phula imaterera. Wopita kumtunda atenge chovala chofunda ngakhale kwawo kukutentha.

Safunsa adadya phula. Wofuna kulowa m'nkhalango yotetezedwa ayambe waonekera ku ofesi ya za nkhalango ya paboma, ndipo wofika m'mudzi apereke moni kwa mfumu asadayambe kukwera phiri. Malo ena ndi manda kapena opatulika, ndipo ndi eni dera okha angamuuze mlendo poyenera kuponda. Asadye bowa yemwe sakumudziwa, pakuti wina ndi wakupha. Woyenda m'malire akumbukire kuti akangodumpha msewu ali m'dziko la eni, choncho asalowerere kutali popanda zikalata. Pomaliza, asasiye moto kapena mapulasitiki pomwe wapumulira.

Mawu Omaliza

Chimangirizo chino chafotokoza msewu wa m'malire, zitunda za Tsangano, nkhalango za Dzonzi ndi Mvai, damu la Mpira, matsitso a Khwekhwerere ndi chigwa cha Bwanje. Chasonyeza kuti malo onsewa ndi ziwalo za thupi limodzi, lomwe msana wake ndi mapiri ogawa madzi. Mbatatesi ya ku Tsangano, bowa wa pamsewu, chonde cha ku Bwanje ndi mpopi wa ku Balaka zonse zimachokera kumapiri komweko. Chomwe chimakongoletsa Ntcheu n'chomwenso chimamwetsa anthu ake, ndipo chikawonongeka zonse ziwiri zimapitira limodzi, monga zidaonekera mu 2018.

Tsiku lina basi ikadzaima pa Lizulu kapena pamphambano ya Tsangano, wowerenga adzagule mbatatesi yake monga mwa masiku onse. Koma asadakwerenso, adzakweze maso n'kuona komwe madzi a mvula yogwa pamalo waimapo amalowera.